Mafunso a Owerenga: Ofufuza Akapita, Ife Timatsala ndi Chiyani?

Makalata ambiri amene tinalandira mwezi uno akukhudza nkhani imodzi, ndiyo ya kafukufuku amene amasonkhanitsa akatswiri a maphunziro osiyanasiyana pamodzi ndi eni dera, akuluakulu a boma ndi amalonda, kuti afufuze limodzi mmene moyo wa anthu ndi chilengedwe zimalukirana. Tasankhapo makalata asanu ndi imodzi, ndipo ena tawafupikitsa chifukwa cha malo.

FUNSO: Zikomo a Mkonzi. Chichitikireni ngozi ya Namondwe Freddy, kwathu kuno kwafika magulu ambiri a anthu ofufuza. Amabwera ndi mafoni akuluakulu, amatifunsa kuti tinataya chiyani, timaphikira chiyani, madzi timatunga kuti, akatero amakwera galimoto n'kumapita. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabweranso kudzatiuza zimene anapeza. Tsopano ndamva pa wailesi kuti kuli kafukufuku wamtundu wina amene anthu wamba amatengako mbali. Kodi si yemweyo wangosintha dzina?
Mayi wa ana anayi, Chilobwe

YANKHO: Mayi, choyamba pepani ndi zonse zimene zinakugwerani. Dandaulo lanuli si lanu nokha, chifukwa limamvekanso ku Manja, ku Ndirande ndi ku Chigwa cha Shire. Kusiyana kwa mitundu iwiriyi kulipo ndithu, ndipo kumayambira pa mwini funso. Ofufuza amene mwawafotokozawa amafika atalemba kale funso ku ofesi, nthawi zina ofesi ya kunja kwa dziko lino, ndipo ntchito yanu imangokhala kuyankha. Mu kafukufuku amene munamva pa wailesiyo, eni dera amayenera kukhalapo funsolo lisanalembedwe, kukhalapo posankha zoti ziyezedwe, ndiponso kukhalapo pomasulira zimene zapezeka ndi pogwirizana chochita nazo. Zimenezi zikasowa, ndiye kuti mwanena zoona, dzina lokha ndi limene lasintha.

Titenge phiri la Soche, limene Chilobwe ili m'munsi mwake. Mvula imene inagwa masiku angapo osalekeza m'mwezi wa Malichi 2023 inakhutitsa nthaka mpaka inagumuka, ndipo matope, miyala ndi mitengo zinatsika n'kukwirira nyumba. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo oposa 500,000 anasowa pokhala. Katswiri wa miyala ndi nthaka angathe kutiuza malo amene dothi lake ndi losaya pamwamba pa thanthwe, ndi kuchuluka kwa madzi amene dothilo lingamwe lisanayambe kutsetsereka. A nthambi yoona za nyengo, amene likulu lawo lili mu mzinda muno wa Blantyre, angathe kutiuza kuchuluka kwa mvula imene inagwa ndi kutichenjeza ina ikamabwera. Koma onsewa, mwa maphunziro awo okha, sangafotokoze chifukwa chimene bambo wanzeru zake amamangira nyumba pamtsetse akudziwa kuti mpoopsa. Yankho la funso limenelo lili mu mtengo wa lendi, mu njira imene mapuloti amagulitsidwira m'madera amene khonsolo sinawayeze, ndiponso mu mtunda umene munthu angayende wapansi kukafuna ganyu ku Limbe, ku Makata kapena ku Ginnery Corner. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 800,264 mu mzinda wa Blantyre, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'madera osayezedwawo. Ndondomeko yosamutsa anthu imene sinawerengere zinthu zimenezi imathera poti osamutsidwawo abwerera pomwe anachoka, akuluakulu n'kumadabwa ndi kuwatcha osamva.

Pali chinthu chinanso chimene inu muli nacho koma akatswiri alibe. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo anthu amene akhala ku Chilobwe zaka zambiri amadziwa pamene panali makwawa asanakwiriridwe ndi kumangidwapo nyumba. Ku Zomba anthu amakumbukirabe Napolo wa mu Disembala 1946, ndipo ku Phalombe amakumbukira wa mu Malichi 1991 amene anatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Wofufuza amene amaseka akamva za Napolo amataya umboni wofunika kwambiri. Sitikunena kuti akhulupirire zoti m'phiri muli chinjoka ayi, koma kuti atchere khutu pamene agogo akulongosola mbali ya phiri imene inang'ambika, mkokomo umene unamveka, masiku amene mvula inagwa phirilo lisanang'ambike, ndi njira imene matope anadzera. Zimenezi zikaikidwa pamodzi ndi zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mlengalenga ndi miyezo ya mvula, pamatuluka mapu a malo oopsa amene eni dera angawavomereze chifukwa anajambula nawo.

Tsono gulu lina likadzafika pakhomo panu, musadzachite nalo manyazi. Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 19, amaletsa kuyesera pa munthu zinthu za chipatala kapena za sayansi popanda chilolezo chake, ndipo kafukufuku wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoteteza ofunsidwa, monga makomiti a pansi pa National Commission for Science and Technology kapena a m'sukulu za ukachenjede. Muli ndi ufulu wopempha kuona kalata ya chilolezoyo, wokana kuyankha, ndi wosiyira panjira. Afunseni amene wapereka ndalama za ntchitoyo, afunseni ngati anthu a m'dera lanu analipo pokonza mafunsowo, ndipo afunseni mwezi umene adzabwere kudzafotokoza zotsatira m'Chichewa, pabwalo la amfumu kapena kusukulu. Mafunso amenewa amalemera kwambiri akachokera kwa gulu, kudzera mwa amfumu kapena komiti ya chitukuko ya m'dera lanu, kusiyana ndi pamene akuchokera kwa munthu mmodzi ataima pakhomo pake.

FUNSO: Ndine wophunzira za uinjiniya, chaka chachitatu. Aphunzitsi ena akutiumiriza kuti pa ntchito yathu yomalizira tikacheze ndi anthu a m'madera komanso akatswiri a zachikhalidwe. Ine ndikuona kuti n'kutaya nthawi. Mlatho umaima chifukwa cha masamu, osati chifukwa cha maganizo a anthu apamsonkhano.
Wophunzira, Chichiri

YANKHO: Achimwene, pa nkhani ya masamu a mlathowo mukunena zoona, ndipo musadzalole kuti kukula kwa zitsulo kugamulidwe pokweza manja. Koma ntchito zambiri zimene mudzagwire sizidzalephera chifukwa cha masamu olakwika, ndipo mbiri ya dziko lino ili ndi umboni wokwanira.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndi m'zaka za m'ma 1950, boma la atsamunda linalamula kuti alimi azipanga mizere yopingasa ndi milambala pofuna kuteteza nthaka kuti isakokoloke. Sayansi yake sinali yabodza, chifukwa mizere yopingasa imachepetsadi liwiro la madzi pamalo otsetsereka. Vuto linali loti lamulo limodzi linaikidwa pa dziko lonse popanda kufunsa alimi, ndipo linakhazikitsidwa ndi chindapusa, ndende ndi kuzula mbewu za okana. Ku Chigwa cha Shire, kumene malo ambiri ndi athyathyathya ndipo anthu anali ndi kalimidwe kawo kogwirizana ndi nthaka ndi mvula yakumeneko, kukana kunakula mpaka anthu anatcha nyengoyo nkhondo ya mitumbira. Mkwiyo wa alimi unawonjezera mphamvu ku chipani cha Nyasaland African Congress, ndipo kwa zaka zambiri nkhani yoteteza nthaka inkakumbutsa anthu za nkhanza za alangizi a nthawiyo.

Chitsanzo chachiwiri ndi cha posachedwapa, ndipo n'chokhudza inu mainjiniya mwachindunji. Ofufuza a ku Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a kuno kwathu anayesa mbaula zamakono zokhala ndi kachipangizo kopemerera moto m'midzi ya ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga. Mbaulazo zikayesedwa m'chipinda choyezera zinthu zimatulutsa utsi wochepa kwambiri, choncho chiyembekezo chinali choti chibayo chichepa pakati pa ana. Anatsatira ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu kwa zaka ziwiri, ndipo zotsatira zimene zinatuluka kumapeto kwa 2016 zinaonetsa kuti chibayo sichinachepe. Mwa zifukwa zimene zinakambidwa, mbaulazo zinkawonongeka kawirikawiri, mabanja ambiri ankapitirizabe kuphika zakudya zina pamafuwa, ndipo mwana ankapumabe utsi wa zinyalala zootchedwa ndi wa kukhitchini kwa anansi. Ofufuzawo ndi oyenera kuwayamikira chifukwa ananena poyera kuti zimene ankayembekeza sizinachitike. Koma onani kuti zonse zimene zinagonjetsa chipangizocho zinali za pabwalo ndi za kukhitchini, malo amene mayi wophika amawadziwa kuposa wina aliyense.

Tsopano taganizirani madzi amene mumamwa kusukulu kwanuko. Ambiri mwa madzi a mu mzinda muno a Blantyre Water Board amawapopa ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, pafupifupi makilomita 40 kuchokera mu mzinda, ndipo amawakweza mamita pafupifupi 800 kuti afike kwa ife. Mapampu ake amadalira magetsi, ndipo magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje womwewo, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mitsinje ngati Rivirivi ndi Lisungwi imatsitsira mu Shire dothi lochokera m'minda ndi m'mapiri ometedwa a ku Ntcheu, Balaka ndi Neno, ndipo dothilo limakwirira madamu, pamene namasupuni ndi zinyalala zina zimatseka polowera madzi. Magetsi akamazimazima, ngakhale mabanja amene ali ndi mbaula za magetsi amagula makala, ndipo makalawo amaotchedwa m'maboma omwe aja amene dothi likuchokera. Mu Januwale 2022, Namondwe Ana anawononga damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, ndipo tonse tinaona mmene matumba a makala anachulukira m'misewu. Injiniya angathe kukumba matope m'damu chaka ndi chaka, koma kuti matopewo aleke kubwera pamafunika wodziwa za nkhalango, wodziwa za chuma cha pabanja, wodziwa malamulo a malo, amfumu a ku Neno ndi mlimi amene akulima m'mbali mwa mtsinje chifukwa kumtunda nthaka inaguga.

Aphunzitsi anuwo sanayambe okha maganizo amenewa. Pa msonkhano wa za maphunziro a ukachenjede umene unachitikira ku Nice m'dziko la France mu 1970, akatswiri ngati Jean Piaget ndi Erich Jantsch ananena kale kuti mavuto a anthu sabwera ogawidwa molingana ndi nthambi za sukulu. Pitani mukacheze ndi anthuwo, koma mupite musanamalize kujambula pulani, chifukwa kupita pulani itatha ndi kukawadziwitsa chabe.

FUNSO: Ine ndimagulitsa makala ndipo ana anga ndimawalipirira sukulu ndi ndalama ya makala. Pa misonkhano yonse ya zachilengedwe amatinena ife kuti ndife owononga, koma sindinamvepo kuti wamakala waitanidwa. Kodi mu kafukufuku wanuyu ife tili ndi mpando?
Bambo wamakala, Zingwangwa

YANKHO: Bambo, mpando mukuyenera kukhala nawo, ndipo kafukufuku wa makala amene sanamve kwa inu ndi wopunduka. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo m'mizinda makala ndi amene ali patsogolo. Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2007 anapeza kuti anthu oposa 90,000 ankadalira malonda a makala, kuyambira ootcha, onyamula panjinga mpaka ogulitsa m'misika, ndipo chiyambire nthawi imeneyo mizinda yakula kwambiri. Malonda aakulu chotere sangathe ndi kulanda matumba pa Zalewa pokha.

Pali zinthu zimene inu mumazidziwa zimene sizili m'buku lililonse. Mumadziwa mwezi umene mtengo umakwera ndi chifukwa chake, mumadziwa kuti ogula amafuna makala olemera a tsanya ndipo a bulugama amawanyoza kuti sachedwa kunyeka, mumadziwa ndalama imene imatsala m'njira thumba lisanafike ku Zingwangwa, ndiponso mumadziwa amene amagula. Mfundo yomalizayi ndi imene imachititsa manyazi ambiri a ife, chifukwa mwa ogula anu muli anthu apantchito zabwino, okhala m'nyumba za magetsi, amene nyemba amaphikira pambaula, ndipo ena mwa iwo ndi omwe amayankhula pa misonkhano ija. Amene akufuna kupanga makala a zinyalala kapena kulimbikitsa gasi sangadziwe chifukwa chimene katundu wake sakuyendera malonda ngati sanakhale pansi ndi inu ndi ogula anu.

Komabe sitikunyengererani. Phiri la Ndirande linametedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndipo damu la Mudi lavutika ndi matope kuchokera nthawi imeneyo, pamene nkhalango ya Michiru yawonongeka kwambiri m'zaka zaposachedwa. Lamulo la nkhalango la 1997 limafuna kuti wootcha makala akhale ndi chiphaso, ndipo litakonzedwanso mu 2020 zilango zake zinakula. Apa ndi pamene pali vuto lenileni la mpando wanu, chifukwa munthu amene ntchito yake ili kunja kwa lamulo amaopa kuyankhula m'chipinda mmene muli a zankhalango ndi apolisi. Wofufuza wodziwa ntchito yake amayamba wacheza nanu panokha, salemba dzina lanu, ndipo amabweretsa mfundo zanu kumsonkhano popanda kukulozani chala. Ndondomeko ya boma ya makala ya 2017 mpaka 2027 imavomereza kuti makala ovomerezeka, ochokera m'mitengo yodzalidwa, ndi mbali ya yankho, ndipo pamenepo ndi pamene gulu la amakala lingayambire kukambirana ndi boma.

FUNSO: Ndinaphunzitsa zaka zambiri ndipo ndaona mapulojekiti ambiri akubwera ndi zikwangwani n'kutha. Mundiuze malo amodzi m'Malawi muno amene njira imeneyi inabala zipatso zooneka.
Mphunzitsi wopuma, Chigumula

YANKHO: Aphunzitsi, malo amene tingawatchule molimba mtima ndi Ekwendeni m'boma la Mzimba. Mu 2000, ogwira ntchito pa chipatala cha mishoni cha kumeneko, ataona kuchuluka kwa ana onyentchera, anayamba ntchito yotchedwa Soils, Food and Healthy Communities pamodzi ndi wofufuza wa ku Canada, Rachel Bezner Kerr. Alimi anasankha anzawo kuti akhale gulu la alimi ofufuza, ndipo alimiwo ndi amene ankayesa m'minda mwawo mbewu za mtundu wa nyemba, monga nandolo wodzalidwa pamodzi ndi mtedza, soya ndi kalongonda, n'kumayerekeza zokolola ndi maonekedwe a nthaka. Ikanakhala ntchito ya zaulimi yokha, ikanathera pamenepo. Koma poti azaumoyo ndi eni mabanja anali m'gulu lomwelo, zinadziwika msanga kuti kukolola mtedza sikutanthauza kuti mwana adya mtedza. M'mabanja ena abambo ankagulitsa zokolola, amayi analibe nthawi yophika kangapo patsiku chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito, ndipo pa kadyetsedwe ka khanda mawu omaliza anali a agogo aakazi akuchimuna, amene alangizi ankawadumpha. Funso la kafukufuku linasintha. Anayamba kukonza masiku ophunzitsana kaphikidwe ndi zokambirana zophatikiza agogo ndi abambo, ndipo zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2011 zinaonetsa kuti ana a m'midzi imene inakhalitsa mu ntchitoyi ankakula bwino kuposa anzawo. Pambuyo pake ntchitoyi inafikanso ku Lobi m'boma la Dedza. Chimene tikufuna muone ndi chakuti ofufuzawo analola kuti funso lawo likonzedwe ndi anthu amene ankagwira nawo ntchito, ndiponso kuti anakhala pamalo amodzi zaka zoposa makumi awiri, zimene mapulojekiti a zikwangwani aja sachita.

Pafupi ndi kuno pali nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo imadalira mitsinje ngati Domasi, Likangala ndi Phalombe. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inaphwa kwambiri mu 2012 ndi mu 2018. Kuyambira mu 2010, bungwe la LEAD la ku Chancellor College, nthambi yofufuza za nkhalango ya ku Zomba ndi bungwe la WorldFish anagwira ntchito limodzi ndi anthu a m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe ndi thandizo la dziko la Norway. Mwa zina, magulu a amayi anayamba kuumitsa matemba m'nyumba zapulasitiki zogwiritsa ntchito dzuwa, zimene zinachepetsa kuwonongeka kwa nsomba zoyanikidwa pansi. Ntchito imene inayamba ndi nkhani ya kusintha kwa nyengo inafika mpaka pa likodzo, chifukwa anthu othirira mbewu ndi asodzi amakhala m'madzi nthawi zonse ndipo matendawa anali vuto lawo la tsiku ndi tsiku. Koma nyanjayo inaphwabe mu 2018, ndipo aliyense wokuuzani kuti kafukufuku wotere amathetsa zonse akukunamizani.

Chitsanzo chachitatu sichinayambitsidwe ndi ofufuza n'komwe. Pa chilumba cha Mbenji m'boma la Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi nyengo ya mvula chaka chilichonse kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amasamuka pachilumbapo mpaka tsiku lotsegulira. Pamene chambo chinatha m'nyanja ya Malombe, boma linayambitsa makomiti a m'madoko mu 1993, koma zotsatira zake zinali zosakanikirana, ndipo ofufuza ambiri anapita ku Mbenji kukaphunzira chifukwa chimene malamulo akumeneko amamvedwera. Zimene anapeza zikugwirizana ndi zimene Elinor Ostrom, amene analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2009, anaona m'maiko ambiri, zoti anthu amasunga chuma chogawana pamene malamulo anawapanga okha, olondera amawadziwa, ndipo chilango chimagwa pa aliyense wolakwa. Tionjezepo kuti pa Mbenji amayi saloledwa kufika, ndipo wofufuza woona mtima ayenera kufunsanso kuti lamulo limenelo limapindulira ndani ndipo limamana ndani.

FUNSO: Ndimagwira ntchito ya zaumoyo m'madera. Nthawi ya kolera tinavutika ndi mphekesera zoti ife ndi amene tikufalitsa matendawa. Mukamati ofufuza azimvera anthu, kodi simukupatsa mphamvu mabodza oterewa?
Mlangizi wa zaumoyo, Ndirande

YANKHO: Achemwali, nkhawa yanu ndi yoyenera. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unagwira anthu pafupifupi 59,000 n'kupha oposa 1,700, ndipo m'madera ena mphekesera zinachititsa kuti azaumoyo achitidwe chipongwe. Kumvetsera munthu si kumuvomereza. Kolera imayamba ndi kachilombo kopezeka m'madzi ndi m'zakudya zoipitsidwa ndi chimbudzi, ndipo palibe msonkhano umene ungasinthe zimenezo. Chilichonse chimene munthu wanena, kaya ndi pulofesa kaya ndi agogo, chiyenera kuyesedwa. Zizindikiro za makolo zolosera mvula, mwachitsanzo, zingaikidwe pambali pa miyezo ya mvula ya zaka zambiri, ndipo zimene zagwirizana ndi miyezoyo zisungidwe, zimene zalephera zisiyidwe.

Koma mphekesera nayonso ili ndi chiyambi chake, ndipo amene safuna kudziwa chiyambicho adzakumana nayonso pa mliri wotsatira. Pali zinthu zinanso zimene zimadziwika pokhapokha wina akafunsa mmene anthu akukhalira. Kafukufuku wa tayifodi amene anachitika mu mzinda muno anapeza kuti ana a m'mabanja ogwiritsa ntchito madzi a mumtsinje pophikira ndi potsukira anali pa chiopsezo chachikulu. Uthenga woti tiziwiritsa madzi akumwa, ngakhale uli wabwino, sukhudza madzi otsukira mbale. Ofufuza ena amene anatenga zoyeza kwa anthu, kwa ziweto, m'ngalande ndi m'mitsinje ku Ndirande, ku Chileka ndi ku Chikwawa anapeza tizilombo tosamva mankhwala m'malo onsewa, makamaka nyengo ya mvula. Mayi amene amatsuka mbale mu Nasolo sakutero chifukwa cha umbuli. Amatero chifukwa pakiyosiki madzi ndi ogula ndipo masiku ena satuluka. Inu amene mumalowa m'makomo mumadziwa zimenezi kale, ndipo malo anu ndi patebulo lokonzera mafunso, osati kungoperekeza alendo kunyumba za anthu.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi walemba mayeso a Fomu 4 ndipo akufuna ntchito yotereyi. Akaphunzire kuti?
Kholo, Machinjiri

YANKHO: Bambo, ayambe wadziwa bwino phunziro limodzi, chifukwa pa gulu la akatswiri aliyense amayenera kubwera ndi chake chimene enawo alibe. Kuyambira mu 2021, pamene sukulu zimene zinali pansi pa University of Malawi zinaima pazokha, mu mzinda muno muli MUBAS, kumene kuli uinjiniya ndi zaumoyo wa m'madera, ndi KUHeS ya zachipatala. Ku Zomba kuli UNIMA, kumene angaphunzire za chikhalidwe cha anthu, za malo, za chuma kapena za zamoyo. LUANAR ku Lilongwe imaphunzitsa zaulimi ndi zachilengedwe, Mzuzu University ili ndi za nkhalango ndi za usodzi, ndipo MUST ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014, ili ndi nthambi ya za nyengo ndi nthaka komanso nthambi ya za chikhalidwe pa malo amodzi.

Pa phunziro lililonse limene angasankhe, alimbikire masamu owerengera ziwerengero, aphunzire kulemba bwino m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe, ndipo ngati angathe adziweko Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitumbuka. Mumuuzenso zoona zake, kuti ntchito zambiri za mtundu umenewu zimadalira ndalama za maiko akunja ndipo zimabwera ndi makontirakiti a zaka ziwiri kapena zitatu. Pamene akudikira zotsatira za mayeso, angathe kukafunsa ku ofesi ya Wildlife and Environmental Society of Malawi ku Limbe ngati pali gulu la achinyamata limene angalowe, kapena kupempha komiti ya chitukuko ya ku Machinjiri kuti azikhala nawo pa misonkhano yake.